Kainjini ka kumchira komwe kanamasula ndege ku ngolo za pabwalo

Aliyense amene anakwerapo ndege pa Chileka kapena pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi amalidziwa phokoso lina lomwe limamveka anthu asanayambe n'komwe kukwera. Injini zikuluzikulu za m'mapiko zimakhala zili zii, koma chakumchira kumamveka kulira kosalekeza, ndipo pa kabowo ka kumapeto kwenikweni kwa ndege pamatuluka mpweya wotentha. Ambiri amayesa kuti woyendetsa akutenthetsa injini monga amachitira a minibasi m'mamawa. Chomwe chimalira ndi kainjini kena kapadera, kobisika m'kati mwa mchira, komwe sikayendetsa ndege. Pa Chingerezi kamatchedwa auxiliary power unit, mwachidule APU, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kupereka magetsi ndi mpweya pamene ndege yaima.

Masiku ano n'kovuta kupeza ndege ya jeti yonyamula anthu yopanda kainjini kameneka. Koma ndege za jeti zoyambirira, monga Comet, Boeing 707 ndi Douglas DC-8, zinalibe, ndipo kusowa kwake kunkalamula mabwalo omwe ndegezo zikanapitako. Kutera sikunali kovuta kwenikweni, malinga msewu wothamangapo ndege ukhale wautali mokwanira. Nkhani inali pa kunyamukanso.

Ndege ikazimitsa injini

Ndege ili m'mlengalenga imadzidalira pa chilichonse. Injini zake zimazunguza majenereta opereka magetsi, komanso zimapereka mpweya womwe anthu amapuma m'katimo. Ikangotera n'kuzimitsa injini, zonsezo zimaleka nthawi imodzi. Chomwe chimatsala ndi mabatire, ndipo mabatire a ndege ndi aang'ono dala pofuna kuchepetsa kulemera. Angathe kusunga mawailesi ndi nyali zochepa kwa mphindi zowerengeka basi. M'nyengo ngati ya Okutobala, chipinda cha chitsulo chomwe chaima padzuwa chopanda mpweya wozizira chimasanduka uvuni pakangopita kanthawi. Pamwamba pa izi, injini zomwe zazimitsidwazo zimafuna china chake choti chizidzutse.

M'nthawi ya ndege za mapulopela ndi mapisitoni, monga DC-3, DC-6 ndi Lockheed Constellation, ntchito yambiri inkagwiridwa ndi manja. Injini za ndegezi zinali ndi masilinda ozungulira ngati masipoko a njinga, ndipo ndege ikagona usiku, oyilo ankatsikira m'masilinda a m'munsi. Oyilo sapanikizika ngati mpweya, choncho kuliza injini ili choncho kukanapinda kapena kuthyola zitsulo za m'kati. N'chifukwa chake m'mamawa amakaniko ankayamba azunguza pulopela pang'onopang'ono, ndi manja kapena ndi sitata, uku akuwerenga mapeni ake akamadutsa, kuti atsimikize kuti palibe pomwe pakukanirira. Kenaka pankabwera kangolo ka mabatire, komwe asilikali a ndege a ku Britain ankakatcha trolley acc, kuti mabatire a ndege asathere pa kuliza. Pambali pa injini pankaima munthu atanyamula chozimitsira moto, popeza petulo wochuluka akalowa m'injini ankatha kulavula malawi. Wothira mafuta ankakwera pamwamba pa phiko ndi payipi, n'kuyeza kuchuluka kwake ndi ndodo.

Vickers Viscount, yomwe Central African Airways inayamba kuyendetsa m'chigawo chino mu 1956, inali pakati pa mibadwo iwiriyo: injini zake za Rolls-Royce Dart zinali za turbine koma zozunguza mapulopela. Zinkadzutsidwa ndi sitata ya magetsi a mavolti 28, ndipo jenereta ya pangolo inkakwanira. Panali ntchito ina yomwe okwera sankaidziwa. Pamalo otentha ndi okwera mpweya umakhala wopepuka, ndipo injini imafooka pa nthawi yomwe mphamvu ikufunika kwambiri, ponyamuka. Dart inkathiridwa madzi osakaniza ndi methanol kuti mphamvuyo ibwerere, motero antchito a pabwalo ankayenera kudzaza thanki ya madziwo kuphatikiza pa ya mafuta.

Chifukwa chomwe jeti imafunira mpweya

Injini ya jeti siyaka monga ya galimoto. Kutsogolo kwake kuli kompuresa, mizere ya timapeni tambirimbiri tomwe timakoka mpweya n'kuupanikiza. Mpweya wopanikizikawo umalowa m'chipinda choyakira momwe amapoperamo mafuta a mtundu wa palafini, ndipo utsi wotentha womwe umatuluka umazunguza gudumu lina la timapeni kumbuyo, lomwe ndi turbine. Gudumu limenelo ndi lomwe limazunguza kompuresa ija. Apa ndi pomwe pagona vuto: moto sungayake bwino kompuresa isanazungulire, ndipo kompuresa singazungulire yokha moto usanayake. Pamafunika mphamvu yochokera kunja yoti iyambe kuzunguza zitsulo zolemerazo kufikira zitathamanga mokwanira.

Pa injini zikuluzikulu za 707 ndi DC-8, sitata ya magetsi yokwanira ntchito imeneyi ikanakhala yolemera kwambiri, pamodzi ndi nthambo zake zonenepa. Akatswiri anasankha sitata yoyendera mpweya: kagudumu kakang'ono kopepuka komwe kakauziridwa mpweya wamphamvu kamazungulira mothamanga, n'kuzunguza injini kudzera m'magiya. Injini ikafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a liwiro lake, woyendetsa amatsegula mafuta, moto n'kuyaka. Ikafika cha pa theka, sitata imasiya yokha. Mpweya wofunikawo si wopanikizika modabwitsa ayi, ukufanana ndi wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Chovuta ndi kuchuluka kwake, popeza umayenera kudutsa m'payipi yaikulu mosalekeza kwa theka la mphindi kapena kuposerapo. Pampu ya pa filing'i siteshoni singayerekeze n'komwe.

Mpweya umenewu unkachokera pa ngolo yapadera yomwe antchito a pabwalo ku America anaipatsa dzina loti huffer kaamba ka kupuma kwake kwaphokoso. Ngoloyo inkakokedwa kufika pambali pa ndege, payipi yake n'kulumikizidwa kumimba. Makaniko wovala zomvera m'makutu, yemwe chingwe chake chinali cholumikizidwa ku ndege, ankalankhulana ndi oyendetsa, ndipo m'chipinda choyendetsera injiniya wa m'ndege ankayang'anitsitsa geji ya mpweya. Pa 707 kawirikawiri ankayamba ndi injini ya nambala 3, ya m'kati ku phiko la kumanja. Injini imodzi ikangoyaka, mpweya wochokera ku kompuresa yake unkatha kutumizidwa m'mapayipi a m'mapiko kukadzutsa zinzake, ngolo ija itachotsedwa.

Ngolo yofooka inali yoopsa kuposa ngolo yakufa. Yakufa inkangochedwetsa ulendo. Yofooka inkazunguza injini mwaulesi, mafuta n'kuyaka mpweya wodutsa uli wochepa, kutentha n'kukwera kupyola malire. Woyendetsa akachedwa kutseka mafuta ndi masekondi ochepa, timapeni ta turbine tinkapsa, ndipo injini ya ndalama zankhaninkhani inkayenera kutsitsidwa. Pabwalo lotentha ndi lokwera ngozi imeneyi inkakula, chifukwa ngoloyo nayo inkapuma mpweya wopepuka womwewo.

Magetsi nawo anali ndi ngolo yawo. Ndege za jeti zimagwiritsa ntchito magetsi a mavolti 115 omwe amasinthasintha mbali ka 400 pa sekondi imodzi, pamene a m'nyumba zathu ndi a mavolti 230 ndipo amasintha ka 50. Kusiyanaku sikunangochitika mwangozi. Magetsi akamasinthasintha mofulumira, mathiransifoma ndi mamota amatha kukhala aang'ono ndi opepuka koma n'kumagwira ntchito yomweyo, ndipo m'ndege kilogalamu iliyonse imawerengedwa. Zotsatira zake n'zakuti ndege singalumikizidwe ku magetsi a pakhoma la bwalo popanda makina owasintha. Pankafunika jenereta yakeyake, yomwe imadziwika ndi dzina loti GPU.

Tsono 707 ikaima, inkazunguliridwa ndi khamu: ngolo ya magetsi, ngolo ya mpweya wodzutsira, nthawi zina ina ya mpweya woziziritsa m'kati, makwerero a matayala, galimoto ya mafuta yokhala ndi waya womangirira ku ndege kuti moto usathetheke, galimoto yopopa zimbudzi ndi ya madzi akumwa. Mitundu yoyambirira ya 707 inkafunanso madzi osungunulidwa bwino opopera m'injini ponyamuka, ndipo utsi wakuda bii womwe umaoneka pa zithunzi zakale za ndegezi zikunyamuka unkabwera chifukwa cha madzi amenewo.

Zida zonsezi zinkayenera kukafika pabwalo ndege isanayambe kupitako. Pa 2 Meyi 1952, pamene Comet ya kampani ya BOAC inanyamuka ku London pa ulendo woyamba wa jeti wonyamula anthu olipira, inaima ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone isanafike ku Johannesburg. Pa malo aliwonse mwa amenewa panayenera kukhala mafuta oyenera, magetsi oyenera ndi anthu ophunzitsidwa akudikira. Makampani aakulu ankakwanitsa zimenezi pa njira zawo zokhazikika. Koma nyengo ikaipa, ndege n'kupatukira ku bwalo lomwe silinkayembekezera jeti, woyendetsa ankayenera kusankha: kusiya injini imodzi ikulira nthawi yonse yomwe ali pansi, kapena kuzimitsa zonse n'kudikira kuti ngolo ibwere kuchokera kwina.

Ngolo ilowa m'ndege

Ganizo loti ndege izinyamula kainjini kothandizira silinali lachilendo. Ndege zotera pamadzi zinkakhala nako, popeza panyanja sipafika ngolo, ndipo ndege yankhondo ya B-29 inali ndi kainjini ka petulo chakumchira komwe asilikali ankakatcha putt-putt potengera kaliridwe kake. Chomwe chinkasowa chinali kainjini kopepuka kotha kupereka magetsi pamodzi ndi mpweya wochuluka wodzutsira jeti. Kampani ya Garrett AiResearch ya ku America inali itapanga kale turbine yaing'ono ya mtundu wa 85, yomwe m'zaka za m'ma 1950 inkaikidwa pa ngolo zodzutsira ndege zankhondo. Kunena mwachidule, akatswiri anatenga mtima wa ngolo ija n'kuupezera malo m'thupi la ndege.

Kachitidwe kake n'kosavuta kumva. Popeza kainjiniko n'kakang'ono, mabatire a ndege amatha kukadzutsa okha. Kakayaka, kamazunguza jenereta yofanana ndi ya pa injini zazikulu, ndipo gawo la mpweya wa kompuresa yake limapatutsidwa kupita ku makina oziziritsa m'kati kapena ku masitata. Batire limadzutsa kainjini, kainjini n'kudzutsa injini zazikulu.

Boeing 727, yomwe inauluka koyamba mu February 1963 n'kuyamba kunyamula anthu chaka chotsatira, ndi yomwe imatchulidwa kawirikawiri kuti inabweretsa APU m'ndege za jeti zonyamula anthu. Makampani a ku America ankafuna jeti yotha kupita ku mizinda yaing'ono yomwe mabwalo ake analibe zida za 707. Boeing inaipatsa makwerero akeake otsika kumchira ndiponso APU ya Garrett. Koma kumchira kunali kale injini yachitatu, motero kainjiniko kanaikidwa kumimba, pakati pa mapanga olowamo matayala aakulu. Kankakoka mpweya m'mapangamo, n'kutulutsa utsi pamwamba pa phiko la kumanja, pafupi ndi mawindo. Malowo anabweretsa zovuta ziwiri. Sikankaloledwa kugwira ntchito ndege ili m'mlengalenga. Ndipo nthawi zina mafuta otsalira akayaka podzutsa, lawi linkatumphuka paphikopo okwera akuona, moti zinachitikapo kuti anthu anatsegula okha makomo a ngozi n'kuyamba kuthawa ndege yomwe inalibe vuto lililonse. Ngakhale zinali choncho, ndege 1,832 za mtunduwu zinapangidwa kufikira 1984.

Ku Britain, BAC One-Eleven inauluka koyamba mu Ogasiti 1963 n'kuyamba ntchito mu 1965. Iyi inali ndi injini ziwiri m'mbali mwa mchira, choncho kumapeto kwenikweni kunali malo, ndipo APU inaikidwa kumeneko, komwe ndege zambiri zimaiika mpaka lero. Nayo inali ndi makwerero akeake. Douglas DC-9 ndi Boeing 737 zinabwera ndi APU kuyambira pachiyambi, ndipo pofika 1970 ngakhale chimphona cha Boeing 747 chinali nayo. Yomwe inatsalira modabwitsa ndi Concorde. Ndege yothamanga kawiri kuposa liwiro la mawu, yomwe inayamba kunyamula anthu mu 1976, inalibe malo kapena kulemera kopatula kwa kainjini kotere, ndipo mpaka pomwe inapumitsidwa mu 2003 inkadikirabe ngolo kuti idzuke.

Ndege ziwiri za pa Chileka

Kusiyana kwa mibadwo iwiriyi kunaonekera pa Chileka pomwe. Mu 1972 Air Malawi inalandira One-Eleven ya mtundu wa 475, womwe unapangidwira mabwalo ovuta: thupi lalifupi, mapiko ndi injini zamphamvu za mtundu wautali wa 500, komanso matayala aakulu ofewa. Chileka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 780 kuchokera pamwamba pa nyanja ya mchere, ndipo m'chilimwe kumatentha, motero ndege yotere inali yoyenera. Kwa kampani yaing'ono, phindu la APU linali la ndalama zenizeni. Ndegeyo inkatha kutera pabwalo la dziko loyandikana nalo, kutsitsa makwerero ake, kudzipatsa magetsi ndi mpweya wozizira, kenaka n'kudzidzutsa, popanda kampaniyo kugula ngolo n'kuzisunga pabwalo lililonse kapena kulipira eni ake a ngolo.

Kumapeto kwa 1974 kampaniyo inayamba maulendo a ku London Gatwick ndi Vickers VC10 yomwe inagula kwa British Caledonian. VC10 inali ndege yopangidwira Africa. BOAC inkafuna jeti yotha kunyamuka itadzaza pa misewu yaifupi ya mabwalo otentha ndi okwera monga Nairobi, ndipo Vickers inaika injini zinayi za Rolls-Royce Conway kumchira kuti phiko likhale lopanda chopinga. Pa kunyamuka inalibe inzake m'nthawi yake. Komabe VC10 zopangidwira makampani onyamula anthu zinatuluka m'fakitale zopanda APU. Okonza anathetsa vuto la msewu waufupi, koma vuto la ndege yoima anawasiyira a pabwalo, ndipo kwa BOAC, yomwe inali ndi antchito ndi zida m'mabwalo a njira zake, zimenezo sizinali zodetsa nkhawa. Gulu lankhondo la Royal Air Force, lomwe ndege zake zinkapita kulikonse komwe zatumidwa, linaona mosiyana: VC10 zake 14, zomwe zinayamba kufika mu 1966, zinaikidwa APU ya Artouste kumchira.

Kampani yokhala ndi ndege yaikulu imodzi yokha imamva kulemera kwa zinthu zotere kuposa yomwe ili ndi ndege makumimakumi, popeza zida zodula zimasungidwira ndege imodziyo. Chomwe chinagwetsa VC10 ya Air Malawi makamaka chinali kukwera mtengo kwa kuiyendetsa, pa nthawi yomwe mafuta anali atadula padziko lonse, ndipo inaleka ntchito mu 1979. Inakhala zaka zambiri itaima pa Chileka isanaphwasulidwe m'zaka za m'ma 1990. One-Eleven inapitiriza kuuluka kufikira pamene Boeing 737-300 inafika mu 1991.

Mtengo wa ufulu umenewu

APU si yaulere. Ndi katundu wolemera yemwe ndege imanyamula ulendo wonse pamene ntchito yake yambiri ndi ya pansi. Ndi injini inanso yofuna oyilo, kuyang'aniridwa ndi kukonzedwa, ndipo popeza m'kati mwake mumayaka moto, imakhala m'chipinda chotchingidwa ndi zitsulo zosagwira moto, chokhala ndi chozimitsira chakechake. Pa ndege za msinkhu wa 737 imamwa mafuta oposa makilogalamu 100 pa ola. Phokoso lake, makamaka la mitundu yakale, ndi limodzi mwa zifukwa zomwe antchito a pabwalo amavalira zotseka m'makutu.

Ntchito yake inakulanso m'kupita kwa nthawi. Kuyambira 1985, pamene ndege za injini ziwiri zinaloledwa kuoloka nyanja zikuluzikulu patali ndi mabwalo, APU yotha kudzuka m'mlengalenga inasanduka gwero la magetsi lodalirika injini imodzi ikafa. Pa 15 Januwale 2009, Airbus A320 ya US Airways itawombana ndi mbalame n'kutaya mphamvu ya injini zonse ziwiri ku New York, woyendetsa wake Chesley Sullenberger anadzutsa APU nthawi yomweyo asanafike n'komwe pa mzere umenewo m'buku la malangizo. Ofufuza anapeza kuti zimenezo zinasunga magetsi a makompyuta owongolera ndege kufikira itatera pa mtsinje wa Hudson, ndipo anthu onse 155 anapulumuka.

Chodabwitsa n'chakuti mabwalo aakulu tsopano akubwerera ku njira yakale. Kaamba ka phokoso, utsi ndi mtengo wa mafuta, mabwalo monga Heathrow ndi Zurich ali ndi malamulo ochepetsa nthawi yomwe APU ingalire ndege itaima. Ndege ikafika imalumikizidwa ku nthambo ya magetsi a 400 ndi payipi ya mpweya wozizira zochokera m'nyumba ya bwalo, ndipo kainjini kamadzutsidwa patangotsala mphindi zochepa kuti inyamuke.

Ngolo ya mpweya nayo sinafe. Malamulo amalola ndege kuuluka kwa masiku angapo APU yake itawonongeka, ndipo zikatero ndege ya makono imabwerera pa msinkhu wa 707. Okonza ulendo amayamba afunsa ngati bwalo lomwe ikupita lili ndi ngolo yodzutsira yogwira ntchito. Ngati ilipo, okwera amamva phokoso lachilendo pambali pa ndege, m'kati mukutentha pang'ono, injini imodzi n'kudzutsidwa ndege isanakankhidwe kuchoka pamalo ake. Ngati palibe, kampani imatumiza ndege ina, kapena woyendetsa amatsitsa ndi kukweza anthu mbali imodzi injini ya mbali inayo ikulira, pomwe malamulo a kampani ndi a bwalo alola kutero.